Msana Wabwino Ndi Wokhota Kale: Physics ya Mafupa a Kumsana

Chaka china mu Juni, nyengo ija Mzuzu amazizira mpaka zala kukanika kugwira choko, ndinkaphunzitsa za moments. Mtsikana wina wa pa desiki lachiwiri anakhala mopendekeka, phewa lakumanja lili m'mwamba. Ndinamuuza kuti, "Iwe, takhala bwino, wongola msanawo." Anayesa, koma pasanathe mphindi zisanu anali atabwerera mmene analili. Ndinabwerezanso mokweza mawu, kalasi yonse n'kuseka. Wina kumbuyo anati, "Aphunzitsi, ameneyo ndi minibasi yothyoka sipuling'i." Wonyozayo ndinamukalipira, koma mumtima ndinkaonabe ngati mtsikanayo ndi waulesi basi.

Mu Okutobala kutatentha, aliyense atavula juzi, ndinamuona ataima pa asembule. Siketi yake inali yotsika mbali imodzi, mkono wina unali utatalikirana ndi thupi kuposa unzake, ndipo phewa lija linali m'mwamba ngakhale anali ataima tsonga ngati msilikali. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndinamulakwira. Mwanayo sankakhala moipa. Mafupa ake ndi amene anali atakhota, ndipo kukalipira sikuwongola fupa.

Lero ndikufuna tione bwinobwino nkhani imeneyi, chifukwa mwa ana a msinkhu wanu 100, awiri kapena atatu ali ndi vuto lotereli, ndipo nthawi yoti athandizidwe mosavuta ndi yomwe ino akukulayi.

Msana si ndodo

Tiyambe ndi zimene aliyense ali nazo. Msana wa munthu uli ndi mafupa 33 osanjikizana. M'khosi muli 7, pachifuwa pamene pamagwira nthiti pali 12, m'chiuno muli 5, kenako 5 amene amalumikizana n'kukhala fupa limodzi munthu akakula, ndi 4 ang'onoang'ono a kumapeto kwenikweni. Pakati pa mafupa amene amayendawo pali timapilo 23 tofewa, tokhala ndi madzi ambiri mkati. Kumbuyo kwa mafupawa kuli ngalande imene mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, umene umatumiza mauthenga ku manja, ku miyendo ndi ku chikhodzodzo.

Mukamuyang'ana munthu kuchokera kumbuyo, msana wake uyenera kuoneka wowongoka. Koma mukamuyang'ana cham'mbali, msana wabwinobwino ndi wokhota. M'khosi umalowa kutsogolo, pachifuwa umatulukira kumbuyo, m'chiuno umalowanso kutsogolo. Kulowa kutsogoloko madokotala amati lordosis, kutulukira kumbuyoko amati kyphosis. Mawu awiriwa pawokha si matenda ayi. Amakhala vuto pokhapokha kukhotako kukapitirira muyezo.

Amene muli ndi khanda kunyumba, taliyang'anitsitsani. Mwana akangobadwa msana wake umakhala wopindika kamodzi, ngati chilembo cha C. Akayamba kudzutsa mutu ali ndi miyezi itatu kapena inayi, khosi limayamba kukhotera kutsogolo. Akayamba kuima ndi kuyenda cha m'ma chaka chimodzi, m'chiuno namo mumakhota. Ndiye kuti kukhota kwa msana wanu munakupanga nokha, polimbana ndi mphamvu yokokera zinthu pansi.

Nanga n'chifukwa chiyani thupi limafuna msana wokhota? Tengani waya wowongoka, muimike pa tebulo, mum'menye pamwamba ndi chikhatho. Mphamvu yonse ipita pansi nthawi imodzi, ndipo dzanja lidzapweteka. Tsopano mupindepinde ngati njoka, mum'menyenso. Wayayo adzavomera pang'ono n'kubwerera, ngati sipuling'i. Msana umachitanso chimodzimodzi mukadumpha pa netibolo kapena mukakwera Sacramento pa msewu wa mabampu wa ku Mchengautuwa. Kukhotako pamodzi ndi timapilo tija zimatalikitsa nthawi imene thupi likuima, ndipo mukudziwa kale kuti nthawi yoimira ikatalika, force imachepa. Chachiwiri, kukhotako kumabweretsa mutu ndi chifuwa pamwamba penipeni pa chiuno ndi mapazi, kuti centre of gravity ikhale pakati pa malo amene mwapondapo.

Umboni woti timapiloto timafinyika mutha kuupeza nokha. Yezani msinkhu wanu pakhoma mukangodzuka, muyezenso madzulo musanagone. Ambiri mupeza kuti mwafupika ndi sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, chifukwa tsiku lonse kulemera kwa thupi kwakhala kukufinya madzi m'timapilomo. Usiku madziwo amabwereramo. Anthu okhala mu International Space Station, kumene msana susenza kulemera kwa thupi, amatalika mpaka 3 peresenti, koma akabwerera pansi pano msinkhuwo umatha.

Tiwerengetse: mutu, foni ndi ndowa

Paja moment ndi force kuchulukitsa ndi mtunda wochokera pa pivot, mtunda wake wopingasa ndi force ija. Manambala amene ndigwiritse ntchito apa ndi ongoyerekeza kuti tione mmene zinthu zimayendera, popeza matupi amasiyana.

Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, kutanthauza 50 N. Pivot yake ndi pamene chigaza chimakumana ndi fupa loyamba la khosi. Tinene kuti mukaima bwino, centre of gravity ya mutu ili masentimita 2 kutsogolo kwa pivot. Moment ndi 50 × 0.02, zomwe ndi 1 Nm. Minofu ya kumbuyo kwa khosi iyenera kubweza moment imeneyi. Ngati ikukoka pa mtunda wa masentimita 4, force yake ndi 1 ÷ 0.04, ndiye 25 N. N'chifukwa chake mukaodzera mu prep mutu umagwera kutsogolo: minofuyo yasiya kukoka.

Tsopano weramirani pa foni kuti mutu upite masentimita 6 kutsogolo. Moment yafika 3 Nm, ndipo minofu ikukoka ndi 75 N. Mutu ndi womwe uja, koma ntchito ya khosi yachuluka katatu. Chitani zimenezi maola awiri pa TikTok, mawa muzidabwa kuti khosi lauma bwanji.

Titengenso ndowa ya malita 20. Madzi ake ndi makilogalamu 20, ndiye 200 N. Mukainyamula ndi dzanja limodzi, ili pafupifupi masentimita 25 kuchokera pa msana, moment ndi 200 × 0.25, zomwe ndi 50 Nm. Minofu ya mbali inayo ili pafupi kwambiri ndi msana, tinene masentimita 5, choncho ikanati igwire yokha ikanafunika 1,000 N. Thupi silopusa, limapendekera mbali ina ndipo mkono winawo umatambasuka kuti ubweze moment ija. Mwaonapo munthu akuchokera pa mpopi akuyenda chopendekeka, eti? Ndi physics imeneyo.

Ikani ndowa yomweyo pamutu, pa nkhata. Force tsopano ikudutsa pafupifupi pa mzere wa msana, mtunda uja watsala pang'ono kufika pa zero, moment nayonso yachepa. Ichi n'chifukwa chake amayi osenza nkhuni kapena nthochi kupita nazo ku msika waukulu wa Mzuzu amayenda mowongoka chonchija: akangopendeka pang'ono, katunduyo amawalanga pompo. Mu 1986, wasayansi wa ku Kenya Geoffrey Maloiy ndi anzake anapeza kuti amayi a mitundu ya Luo ndi Kikuyu ankatha kusenza katundu wolemera mpaka 20 peresenti ya thupi lawo popanda kuwonjezera mphamvu imene ankagwiritsa ntchito poyenda. Komabe musaiwale kuti 200 N ija sinathawe. Ikupanikiza mafupa 7 a khosi, ndipo kwa mwana wa makilogalamu 40, ndowa imeneyi ndi theka la thupi lake. Kwa mng'ono wanu wa ku pulayimale, maulendo awiri ndi ndowa yaing'ono ndi abwino kuposa ulendo umodzi ndi yaikulu.

Kakhalidwe kapena mafupa?

Apa m'pamene ine ndinalakwitsa. Pali kukhota kwa mitundu iwiri. Kwina kumabwera chifukwa cha kakhalidwe: kuweramira pa desiki lalifupi, kupachika chikwama phewa limodzi, kapena mtsikana kubisa chifuwa chifukwa cha manyazi mabere akayamba kumera. Kumeneku munthu akauzidwa kuti awongoke amawongoka, akagona chagada msana umabwerera m'malo mwake. Nthawi zina chimachititsa ndi mwendo wina kufupikirapo, ndipo kukhotako kumatha munthuyo akakhala pansi.

Kwinako ndi kwa mafupa enieniwo. Kumeneku munthu ngakhale atayesetsa bwanji sikuchoka. Tione mitundu imene mungakumane nayo.

Msana wokhotera kumbali

Dzina lake ndi scoliosis. Msana ukauona kuchokera kumbuyo umaoneka ngati C kapena S. Koma sikuti umangokhotera kumbali kokha, mafupawo amapotokanso, ngati mmene mumafinyira chovala mukachapa. Popeza nthiti zimagwira pa mafupa a pachifuwa, nazonso zimazungulira nawo. Mbali imodzi nthiti zimatukuka kumbuyo, mbali inayo zimalowa. Maonekedwe onse aja amachokera pamenepa: phewa lina kukwera, fupa la kumbuyo kwa phewa kutuluka, chiuno kulowa kwambiri mbali imodzi, siketi kapena malaya kupendekeka.

Mwa anthu 10 amene ali ndi vutoli, pafupifupi 8 chifukwa chake sichipezeka ngakhale atayezedwa bwanji, kungoti limakonda kuyenda m'magazi a pabanja. Limayamba kuoneka kuyambira zaka 10 mpaka munthu atasiya kukula, ndipo kwa atsikana kukhotako kumakonda kukula kwambiri kuposa kwa anyamata. Kwa ena ochepa limabwera chifukwa fupa lina silinapangike bwino ali m'mimba, kapena chifukwa cha matenda ofooketsa minofu monga poliyo. Mvetsetsani izi: chikwama cholemera chikhoza kukupwetekani msana, koma sichiyambitsa scoliosis. Kukhala moipa m'kalasi sikuyambitsa. Komanso nthawi zambiri siipweteka, n'chifukwa chake imabisala mu juzi kwa zaka.

Kuyeza kwake ndi geometry ya m'kalasi. Pa chithunzi cha X-ray, dokotala amapeza fupa lopendekeka kwambiri kumtunda kwa kukhotako n'kulemba mzere pamwamba pake. Amapezanso lopendekeka kwambiri kumunsi n'kulemba mzere pansi pake. Angle ya pakati pa mizere iwiriyi ndi imene amati Cobb angle, kuchokera pa dzina la John Cobb, dokotala wa ku America amene anafotokoza njirayi mu 1948. Ikafika madigiri 10 ndiye amati ndi scoliosis. Ikakhala yochepera 25, nthawi zambiri amangomuona mwanayo pakapita miyezi ingapo. Pakati pa 25 ndi 40, ngati mwanayo akukulabe, amamuveka chovala cholimba cha pulasitiki chogwira thupi kuyambira m'chiuno mpaka pachifuwa, chotchedwa brace. Ikapitirira 45 kapena 50, amayamba kuganiza za opaleshoni. Ikakula kwambiri imapanikiza mapapo, munthu n'kumapuma movutika.

Brace siwongola msana, ntchito yake ndi kuletsa kuti kukhotako kusapitirire, ndipo imagwira ntchito pokhapokha mafupa akukulabe. Kafukufuku wina wa ku America ndi Canada amene zotsatira zake zinatuluka mu 2013 anapeza kuti mwa ana ovala brace, 72 peresenti anamaliza kukula osafika pa madigiri 50, pamene mwa osavala anali 48 peresenti. Ndiye mukuona chifukwa chake chaka chimodzi chongochedwa pa msinkhu wanuwu ndi chachikulu.

Linunda

Kyphosis ikapitirira muyezo, anthu amati munthu ali ndi linunda. Kwa achinyamata ena, makamaka anyamata, mafupa a pachifuwa amakula mofupika kutsogolo ndi motalika kumbuyo, ngati mphero yong'ambira nkhuni. Mukasanja mphero zingapo pamodzi, mulu wake umapindika. Matenda amenewa amadziwika ndi dzina la Holger Scheuermann, dokotala wa ku Denmark. Kwa agogo athu, makamaka aakazi, mafupa amafooka ndi ukalamba n'kumaphwanyika pang'onopang'ono kutsogolo, n'chifukwa chake amafupika ndi kuwerama. Mutu ukapita kutsogolo moment imakula, ndipo ndodo imawathandiza pokulitsa malo amene apondapo.

Koma mtundu umene ndikufuna muugwiritsitse kuno kwathu ndi wa chifuwa chachikulu. Ambiri timadziwa TB ya m'mapapo, koma tizilombo take timatha kuyenda m'magazi n'kukakhala m'mafupa a msana. Percivall Pott, dokotala wa ku London, anafotokoza matendawa mu 1779. Tizilomboto timadya mbali ya kutsogolo ya mafupa, imene imasenza kulemera kwa thupi. Mafupawo akafumbutuka kutsogolo, msana umathyokera pamalo amodzi n'kupanga kalinunda kosongoka, kosiyana ndi kuwerama kozungulira kwa agogo. Mafinya ndi zidutswa za fupa zikapanikiza mtsempha waukulu uja, miyendo imayamba kufooka mpaka munthu kulephera kuyenda.

Munthu wa TB ya msana akhoza osatsokomola n'komwe. Zizindikiro zake ndi msana wopweteka kwa masabata ambiri, makamaka usiku, kutentha thupi, thukuta la usiku, kuwonda, ndi miyendo kuchita dzanzi kapena kulemera. Mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma. A msana amamwedwa nthawi yaitali kuposa miyezi 6 ija ya TB ya m'mapapo, ndipo amapha tizilomboto, koma fupa limene laphwanyika kale silibwerera mwakale. Mwezi uliwonse umene banja latha likutema mphini ndi mwezi umene fupa likudyeka.

Mmene mungadziyezere kunyumba

Njira yoyamba ndi ya William Adams, dokotala wa ku England amene anaifotokoza mu 1865. Pemphani amayi, achemwali kapena achimwene anu, malo obisika, osati pagulu. Msana ukhale poonekera. Imani mapazi pamodzi, mawondo owongoka, manja aphatikizane, muwerame ngati mukufuna kugwira zala za kuphazi. Woonayo aime kumbuyo, maso ake alingane ndi msana wanu. Ngati mbali imodzi ya nthiti kapena ya m'chiuno yakwera kuposa inzake, pakufunika kuti achipatala akuoneni.

Njira yachiwiri ndi ya amisiri omanga nyumba. Mangirirani kamwala ku ulusi, muupachike, muime cham'mbali mmene mumaimira masiku onse. Ulusiwo uyenera kudutsa pa khutu, pa phewa, pa fupa la m'chiuno, n'kukagwera kutsogolo pang'ono kwa kakolo. Ngati khutu lili patsogolo kwambiri koma mukadzikonza likubwerera pa mzere, ndi kakhalidwe chabe. Kwezani buku kapena foni m'malo motsitsa mutu, imirirani ndi kudziwongola pakatha theka la ola, valani chikwama mapewa onse awiri ndipo chisapitirire 10 mpaka 15 peresenti ya kulemera kwanu. Ponyamula chinthu pansi, pindani mawondo ndipo chinthucho chikhale pafupi ndi thupi, kuti mtunda wa moment uchepe.

Mukaona chokayikitsa, yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, ngati cha Mapale kwa ife a mumzinda muno. Iwo akhoza kukutumizani ku Mzuzu Central Hospital kumene kuli X-ray ndi ogwira ntchito za mafupa. Ana ofunika thandizo lalikulu la mafupa amatumizidwanso ku Beit CURE ku Blantyre, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2002. Koma ngati miyendo ikufooka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka mosadziwa, musadikire mawa.

Za maonekedwe

Ndikudziwa kuti kwa ambiri a inu chimene chimapweteka si fupa, ndi maso a anzanu. Mfumu Richard III ya ku England inafa pa nkhondo mu 1485, ndipo patapita zaka zoposa 100 William Shakespeare anailemba ngati munthu wa linunda ndi mtima woipa, ngati kuti thupi lokhota ndi umboni wa khalidwe lokhota. Mu 2012 mafupa ake anapezeka pansi pa malo oimikapo magalimoto ku Leicester. Anali ndi scoliosis, phewa lakumanja lokwererapo, basi. Ndipo ndi msana womwewo ankakwera hatchi n'kumenya nkhondo. Usain Bolt wa ku Jamaica nayenso ali ndi scoliosis, koma mu 2009 ku Berlin anathamanga mamita 100 pa masekondi 9.58, ndipo mpaka pano palibe wamuposa.

Mtsikana uja ndinamuitana pa buleki, pali aphunzitsi aakazi, ndipo ndinayamba ndi kupepesa za tsiku la mu Juni lija. Anangoti, "Aphunzitsi, ine ndimayesetsa, koma zimakanika." Mayi ake atabwera anandiuza kuti, "Aphunzitsi, ine ndimadziimba mlandu. Ndinamuyambitsa kusenza madzi ali wamng'ono, ndiye ndimati ndine ndinamupinda." Azakhali ake ena ankati ndi za anthu. Ndinawafotokozera zimene ndakulemberanizi, ndipo anapita naye kuchipatala. Angle yake inapezeka 22. Anauzidwa kuti azibwerera kukajambulidwa miyezi 6 iliyonse mpaka atasiya kukula, kuti ikayamba kuthamanga aigwire msanga. Akanapitirira kubisala mu juzi, palibe akanadziwa ngati ikukula kapena ayi.

Ntchito ya sabata ino ili pawiri. Yoyamba, yezani msinkhu wanu m'mawa ndi madzulo kwa masiku atatu, mupeze average ya kusiyana kwake. Yachiwiri, mtsikana wa makilogalamu 45 wanyamula chigubu cha malita 10 ndi dzanja limodzi, masentimita 20 kuchokera pa msana. Pezani moment yake, kenako mupeze force imene minofu ya pa masentimita 5 ikufunika kuti asapendekeke, mutenge g ngati 10 N/kg. Mukamaliza zimenezi, pemphani wina wa kunyumba akuyezeni mowerama muja, inunso muwayeze ang'ono anu a zaka 10 kupita m'tsogolo. Zimangotenga mphindi imodzi.